MLANDU WOKANA CHIPEPESO

Pa bwalo la mfumu ya kwathu mlandu umakhala ndi poyambira ndiponso pothera. Munthu akalakwa, akuluakulu amakhala pansi, namva mbali zonse ziwiri, nafunsa chimene chinam'chititsa, nayeza kukula kwa choipacho. Pamapeto pake amatchula nkhuku, mbuzi kapena ndalama, ndipo wolakwa uja akapereka, nkhani imathera pomwepo, anthu n'kumatunganso madzi pa chitsime chimodzi. Koma ku America, dziko limene limadzitama kuti limayendera malamulo, kuli milandu ingapo ya alendo imene silola chipepeso cha mtundu uliwonse. Kuti wopha mnzake ndi wogulitsa mankhwala ozunguza bongo ali pa mndandanda umenewo, palibe angadabwe. Chodabwitsa n'chakuti pa mzere womwewo anaikapo mlendo amene ananenapo, ngakhale kamodzi kokha, kuti ndi nzika ya dzikolo pamene sali nzika. Ine ndikuti lamulo limeneli n'lopanda chilungamo, ndipo likupasula mabanja amene palibe munthu ali ndi mphamvu yowapasula.

Lamuloli si lakale kwenikweni. Linapangidwa ndi Nyumba ya Malamulo ya dzikolo, imene eni ake amaitcha Congress, ndipo Pulezidenti Bill Clinton analisaina pa 30 September 1996. Mfundo yake ndi iyi: mlendo aliyense amene wadzitcha nzika ya America monama, pofuna kupeza mwayi kapena phindu lililonse lokhudzana ndi malamulo a dzikolo kapena a chigawo chake chilichonse, saloledwa kukhazikika m'dzikomo. Silitchula zaka zisanu, silitchula zaka khumi. Chiletsocho chimatha munthu akalowa m'manda. Amene ali nacho kale chitupa chokhalira m'dzikomo, chija amati green card, akhoza kulandidwa ndi kupirikitsidwa. Kuwonjezera apo, malamulo a milandu ya upandu amalola kum'tsekera m'ndende mpaka zaka 3. Amene ananama tsiku lija lisanafike amaweruzidwa ndi lamulo lakale, limene lili ndi khomo lopemphera chikhululuko. Amene ananama pa tsikulo kapena pambuyo pake amapeza chipupa chokhachokha.

Mwina inu awerengi mukuganiza za munthu amene waima pamaso pa woweruza, dzanja lili m'mwamba, nalumbira zonama. Kawirikawiri sizichitika choncho. Kuchokera mu 1986 lamulo la America limakakamiza bwana aliyense wolemba munthu ntchito kuti am'dzazitse fomu yotchedwa I-9. Pa fomu imeneyi pali timabokosi tinayi, ndipo wofuna ntchito amachonga kamodzi mwa ito kusonyeza chimene iye ali. Kapamwamba ndi ka nzika. Tiwiri tapansi, ta alendo, timafuna nambala ya chitupa cha boma. Kapamwamba sikafuna nambala yotere. Tsono tiyerekeze mwana wanu wapita kukaphunzira. Chaka chachiwiri fizi yam'thera, sukulu yam'chotsa, chilolezo chokhalira chatha mphamvu, mwini nyumba akufuna lendi, ndipo kumudzi kwabwera uthenga wakuti mayi agonekedwa kuchipatala. Wamva kuti kunyumba yosungira nkhalamba akufuna anthu ogwira usiku. Am'patsa fomu ija m'kaofesi, ndipo mnzake amene anafika kale m'dzikomo am'nong'oneza kuti, "Achimwene, ingochongani pamwambapo, tonsefe timatero." Cholembera chiyenda kamodzi, ndipo mlandu wa moyo wonse wabadwa, mwini wake osadziwa.

Njira zina zogwera m'mbunamu ziliponso: kupempha pasipoti ya America, kuuza msilikali wa pamalire kuti ndiwe mbadwa, kuchonga unzika popempha ngongole ya boma ya sukulu, kapena kulembetsa m'kaundula wa zisankho. Kudzitama pa mowa kuti ndiwe Mmereka si mlandu umenewu, pakuti palibe phindu la lamulo limene ukufuna pamenepo.

Zaka zimapita. Mnyamata uja akula, akumana ndi mkazi amene ndi nzika ya dzikolo, akondana, amanga ukwati weniweni, wa pamaso pa wansembe ndi mboni, ana n'kubadwa. Tsono banja liganiza zokonza mapepala. Pamenepa ndi pamene ndikufuna kuti mutchere khutu, chifukwa ndi pamene kupanda nzeru kwa lamuloli kumaonekera poyera.

Malamulo a America si ouma mtima ponseponse kwa mwamuna kapena mkazi wa nzika. Munthu amene analowa m'dzikomo ndi viza yabwinobwino, nakhalitsa kupyola nthawi yake, ngakhale zaka khumi, lamulo lolembedwa limam'lola kupempha green card kudzera mwa mkazi wake osatuluka m'dziko. Kukhalitsa kuja limakukhululukira. Kugwira ntchito popanda chilolezo limakukhululukiranso. Amene ananama popempha viza, kapena kulowa ndi pasipoti ya mlendo mnzake, ali ndi fomu yake yopemphera chikhululuko, I-601, ngati angathe kusonyeza kuti mkazi wake adzazunzika kwakukulu iye akachotsedwa. Amene anazemba malire nakhala chaka chathunthu kapena kupyola apo amaletsedwa zaka 10 akatuluka, koma chiletso chimenechi chimatha, ndipo chikhozanso kukhululukidwa. Ngakhale amene anapezeka ndi mlandu wa kuba, wa uhule, kapena wopezeka kamodzi ndi chamba chosapitirira magalamu 30, lamulo linam'siyira kakhomo kogogodapo. Sikuti onsewa amakhululukidwa ayi, ambiri amakanidwa. Koma alipo munthu amene amamva dandaulo lawo ndi kuliyeza. Wochonga kabokosi kapamwamba alibe wom'mvera. Taonani tsono: ntchito imene anagwira mozemba yakhululukidwa, koma kachizindikiro kamene anachonga kuti apeze ntchito yomweyo sikakhululukidwa mpaka imfa. Kodi ndi mfumu iti ya kwathu ingakhululukire munthu wakuba mbuzi, koma n'kum'samutsa m'mudzi chifukwa cha chingwe chimene anaimangira?

Choipa china n'chakuti lamuloli limalanga woona mtima koposa wabodza. Pa fomu yopemphera green card pali funso lofunsa ngati munthu anadzitchapo nzika monama, kaya polemba kaya m'njira ina iliyonse, ndipo yankho lake amalipereka atalumbira. Akayankha zoona, wadzimangirira yekha chingwe m'khosi. Akanama kachiwiri, mwina n'kudutsa, ngakhale adzakhala moyo wake wonse ndi mtima uli m'mwamba, popeza bodzalo likadzaululika akhoza kulandidwa zonse, ngakhale unzika umene anadzaupeza pambuyo pake. Ndiponso pa mlandu wopempha chitupa, si boma limene liyenera kutsimikiza kuti munthu ananama. Wopemphayo ndiye ayenera kutsimikiza kuti sananame. Nanga lamulo limene limauza munthu kuti chipulumutso chake chili m'bodza lachiwiri, tingati likuteteza choonadi?

Mabwalo a milandu, m'malo mofewetsa, akhala akumangitsa mfundoyi. Mpaka mu 2009 fomu ya I-9 inali ndi kabokosi kamodzi kophatikiza nzika ndi gulu lina la anthu a dzikolo amene si nzika, ndipo ena ankapulumukira pa kusamveka bwino kumeneku. M'chaka chimenecho timabokosi tinalekanitsidwa, mpata uja n'kutsekeka. Mu 2014 bwalo la apilo la milandu ya alendo, Board of Immigration Appeals, poweruza mlandu wa munthu wina wochokera ku Kenya, linagamula kuti fomu ya I-9 ndi umboni wovomerezeka pa mlandu wotere. Mu 2019 bwalo lomwelo linapitirira apo, nanena kuti sikofunika kuti munthuyo akhale atadziwa kuti zimene akunenazo n'zonama. Imvani bwino: bodza lopanda cholinga chonama! Zopulumukira zimene zatsala n'zopapatiza ngati diso la singano. Lamulo la mu 2000 limamasula munthu amene makolo ake onse awiri ndi nzika, amene anakhazikika m'dzikomo asanakwanitse zaka 16, ndipo ankakhulupirira ndi chifukwa chomveka kuti nayenso ndi nzika. Mwana wobadwira ku Ntcheu kwa makolo a ku Ntcheu, zimenezi zim'thandiza chiyani? Chopulumukira china ndi kubweza mawu, koma kubwezako kuchitike nthawi yomweyo, mwa kufuna kwako, wina asanakugwire. Kulapa kwa patapita chaka sikuwerengedwa.

Lamulo la 1996 lomwelo lili ndi mphasa yake ya kabokosi aka, ndiyo chilango cha mlendo woponya voti. Potsatira lamulo la mu 1993, maofesi ambiri opereka ziphaso zoyendetsera galimoto ku America amafunsanso anthu ngati akufuna kulembetsa m'kaundula wa zisankho. Mayi wina wochokera ku Peru, wokwatiwa ndi nzika, anapita ku ofesi yotere m'chigawo cha Illinois, naonetsa green card yake pamodzi ndi pasipoti ya kwawo. Kalaliki anam'funsabe za kaundula uja, ndipo mayiyo atafunsa ngati ayenera kutero, anauzidwa kuti zili kwa iye. Anachonga kabokosi ka unzika, naponya voti kawiri mu 2006. Palibe anam'gwira. Anaulula yekha mu 2007 pamene ankapempha unzika weniweni. Mlandu unayenda zaka khumi, ndipo mu 2017 bwalo la apilo la ku Chicago linati lamulo silim'lola kukhala, ngakhale oweruza omwewo anavomereza kuti moyo wake unali wopanda banga lina, ndi kuti ana ake atatu ndi nzika. M'chaka chomwecho anabwezedwa ku Peru.

Tsono ndimve nawo zimene oteteza lamuloli amanena, pakuti si zopusa zokhazokha. Amati dziko lililonse lili ndi ufulu wosunga malire ake, ndipo ndikuvomera. Amati unzika ndi kiyi wotsegula zitseko zonse: nzika siifunsidwa viza, siipirikitsidwa, imasankha atsogoleri, choncho wakuba kiyi ameneyu waba chinthu chachikulu koposa wonama za dzina kapena zaka zake. Apanso pali nzeru. Bodza ndi bodza, ndipo ine sindikulidzoza mafuta. Wonama alangidwe: alipire chindapusa chowawa, adikire zaka zisanu kapena khumi, aikidwe kumapeto kwa mzere. Koma kunena kuti cholakwa n'chachikulu sikutanthauza kuti onse ochichita ndi ofanana. Mkulu wa gulu logulitsa mapasipoti achinyengo ndi mtsikana wa zaka 19 wofuna ntchito yotsuka mbale sangalandire chilango chimodzi pa bwalo lililonse la anthu oganiza. Chimene Congress inachita mu 1996 ndi kulanda woweruza sikelo yake. Woweruza akhoza kuona ana akulira m'khoti, akhoza kukhulupirira kuti munthuyu walapa, kuti wakhoma msonkho zaka 20, kuti mkazi wake ndi wodwala. Zonsezi sizimupatsa mphamvu yokhululukira kabokosi kaja.

Amanenanso kuti chilango choopsa chimaopseza ena kuti asayerekeze. Komatu chiopsezo chimagwira ntchito pa munthu amene wachimva. Pafupi ndi posainira fomu ya I-9 pali chenjezo la ndende ndi chindapusa, koma palibe mawu omuuza munthu kuti ukachonga apa, ngakhale udzakwatire nzika, ngakhale udzabereke ana asanu m'dziko muno, sudzakhazikika mpaka kufa. Ambiri amazimva koyamba m'ofesi ya loya, mkazi ali pambali, khanda lili m'manja. Chilango chimene munthu amachidziwa patapita zaka khumi chichitireni cholakwa sichinaletse kanthu, changobwezera.

Ndipo chikubwezera yani? Mkazi uja sanachonge kabokosi kalikonse. Mwina pa nthawi imene mwamuna wake ankachonga, iye anali asanam'dziwe n'komwe. Ana sanachonge. Koma iwowa ndiwo amauzidwa kusankha chimodzi mwa zitatu: kukhala m'dziko lawo ndi bambo wobisala, amene akhoza kutengedwa tsiku lililonse akuchokera kuntchito, kusiyana naye, nyanja yaikulu ili pakati, kapena kusiya dziko lawo, ntchito, sukulu ndi chipatala chimene amadalira, n'kumutsata kwawo. Ena amayankha mopepuka kuti, ngati amam'konda am'tsate. Ife a kuno tikudziwa chitengwa ndi chikamwini, tikudziwa kuti mmodzi mwa awiri amasiya kwawo. Koma amasiya atakambirana, ankhoswe alipo, osati atathamangitsidwa. Boma limene limalanga nzika yake yosalakwa poisamutsa m'dziko lake lomwe, kapena poilanda mwamuna, lisadzitche loteteza nzika. Pa 21 June 2024 bwalo lalikulu koposa la America, poweruza mlandu wa mayi wina wa ku Los Angeles amene mwamuna wake wa ku El Salvador anakanizidwa viza pa chifukwa china, linagamula ndi oweruza 6 kutsutsana ndi 3 kuti malamulo aakulu a dzikolo sapatsa nzika ufulu wakuti mwamuna kapena mkazi wake aloledwe kulowa m'dzikomo. Kotero ukwati umene boma lomwelo linaulemba m'kaundula wake ulibe mawu pa chipata. Kwa ife amene timakhulupirira kuti awiri omanga ukwati asanduka thupi limodzi, chigamulo chotere n'chowawa kumva.

Aepiskopi a ku America ndi a ku Mexico, m'kalata yawo yolembera pamodzi ya mu January 2003 yotchedwa Strangers No Longer, anavomereza kuti dziko lili ndi ufulu woyang'anira malire ake, koma anadzudzula lamulo la 1996 chifukwa chophwanya chilungamo cha m'mabwalo, napempha kuti liunikidwenso. Mu 2021, ndiponso mu 2023, phungu wa ku El Paso, Veronica Escobar, anabweretsa ku Congress bilu yotchedwa American Families United Act, yofuna kubwezera oweruza mphamvu yoyeza milandu ya mabanja a nzika. Maulendo onse awiri siinasanduke lamulo. Sinali bilu yotsegula malire. Inkangopempha kuti sikelo ibwerere m'manja mwa woweruza. Ngakhale zimenezo aphungu zinawakulira.

Koma ndikadzudzula eni dziko okha ndikhala ngati wosesa pabwalo, m'nyumba muli zinyalala. Ife tili ndi chizolowezi chathu chakale pa nkhani ya mapepala. Agogo athu amene ankapita ku Joni ndi ku Salisbury pa selufu, osadzera kwa Wenela, ambiri ankabwereka kapena kugula pasi, ena n'kutenga dzina la eni dziko kuti apolisi asawabweze. Sindingawaponye mwala: malamulo amene ankazemba anali a tsankho, opangidwa kuti munthu wakuda akhale ngati ng'ombe ya pagoli. Koma kuchokera pamenepo mwa ife munamera maganizo akuti chitupa ndi chinthu cha bwana, ndipo kunamiza pepala si kunama. Maganizo amenewa ana athu apita nawo ku dziko limene pepala siliiwala, kumene zolembedwa zimasungidwa m'makompyuta ndi kufananitsidwa. Paja akuluakulu anati mlandu suola. Ndipo inu amene munafika kale kumeneko, mukamauza mlendo wa kwanu kuti angochonga pamwamba, mukudziyesa a chifundo. Koma mukum'patsa nsima ya lero pogulitsa banja lake la mawa, ndipo tsiku la mlandu simudzakhalapo. Ngati simudziwa lamulo, nenani kuti simudziwa, mum'perekeze kwa odziwa.

Nafenso makolo otsala kumudzi tili ndi mbali yathu. Mwana akangotsika ndege, mwezi usanathe, mafoni ayamba: feteleza, malata, fizi ya mng'ono wake, maliro a kwa atsibweni. Sitifunsa ngati viza yake imam'lola kugwira ntchito. Sitifunsa kuti ndalamazo wazipeza bwanji. Mwana wamanyazi, woopa kutchedwa wodzikonda, amachonga kabokosi kaja ndi dzanja lake, koma chigongono chake takankha ndife. Ndipo nthawi ino si yoseweretsa: mu August 2025 boma la America linasankha Malawi ndi Zambia kukhala maiko oyamba amene anthu ake opempha viza yokacheza kapena ya malonda anauzidwa kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Dziko limene likutiyang'ana ndi diso lotere silidzachitira mwana wanu chifundo pa kabokosi.

Nkhani ya mlendo wonama chifukwa cha mantha si yatsopano. M'buku la Genesis timawerenga za Abramu, amene njala inam'thamangitsira ku dziko la Farao, ndipo pofika kumalire anapangana ndi mkazi wake Sarai kuti azinena kuti ndi mlongo wake. Bodzalo linam'bweretsera nkhosa ndi ng'ombe, koma amene analowa nalo m'mavuto ndi mkaziyo. Bukulo silim'yamikira Abramu pa zimenezi. Komabe Farao, munthu wachikunja, atazindikira chinyengocho, anam'kalipira, nam'tulutsa m'dziko, koma mkazi wake anam'bwezera. Mfumu imeneyo inalanga bodza popanda kupasula banja.

Kwa amene agwa kale m'mbunamu, timakomo tochepa tilipo, ngakhale n'tothina. Munthu amene wakhala m'dzikomo zaka 10 mosalekeza, wa makhalidwe abwino, akaimbidwa mlandu wopirikitsidwa akhoza kupempha woweruza kuti aufafanize, ngati angasonyeze kuti mkazi wake, mwana wake kapena kholo lake lokhala nzika lidzazunzika mopyola muyeso wa mavuto a masiku onse. Koma mwayi umenewu umaperekedwa kwa anthu osapitirira 4,000 pa chaka m'dziko lonselo. Othawa nkhondo ndi mazunzo ali ndi malamulo awoawo. Amene ali kunja akhoza kupempha chilolezo chapadera chongobwera kudzacheza, osati kudzakhala. Nthawi zina loya wochenjera amapeza kuti zimene munthu ananena sizikukwana pa mlandu umenewu, kapena kuti amene anachonga ndi kalaliki wa kampani, mwini wake osaona. N'chifukwa chake banja lotere lisathamangire kutumiza mafomu a green card lisanaonane ndi loya weniweni wa milandu ya alendo ndi kumuuza zonse, pakuti fomu ikangolowa, munthu wadzipereka yekha m'manja mwa boma. Osauka asaope: mu 1988 Aepiskopi a ku America anakhazikitsa bungwe la CLINIC, limene limagwirizanitsa maofesi othandiza alendo pa za malamulo, ndipo m'madayosizi ambiri maofesi a Catholic Charities amachita ntchito imeneyi pa mtengo wotsika.

Chotsala ndi cha ankhoswe. Masiku ano maukwati ambiri a ana athu a kunja amakambidwa pa foni, ankhoswe ali ku Dedza kapena ku Chipata, eni ukwati ali ku Indiana. Timafunsa za mtundu wa mkaziyo, za chipembedzo chake, za tsiku la phwando ndi za nsalu. Pa mafunso amenewa tiwonjezepo limodzi, lofunsa mwana wathu yemwe, pambali, tsiku la ukwati lisanatchulidwe: kodi pali pepala lililonse limene unalembapo kuti ndiwe nzika, ndipo ngati lilipo, mnzakoyo wamuuza? Mkazi amene akulonjeza kukhala ndi munthu pa mtendere ndi pa mavuto ayenera kudziwa vuto limene lili kale m'sutikesi, asadzalimve koyamba pakamwa pa ofesala wa boma.